Ndinafafaniza Mudzi wa Eni Ake ndi Sandipepa

Inu owerenga, ine ndinalakwira munthu chifukwa cha ukhondo. Ndikudziwa kuti zikumveka zoseketsa, ndipo aliyense amene ndimamuuza nkhaniyi amayamba ndi kuseka. Sekani ndithu, koma makutu akhale tcheru. Ndinafafaniza mudzi wa eni ake, mudzi wathunthu ndi mfumu yake yomwe, ndi manja angawa, masana dzuwa likuswa mtengo. Choipitsitsa n'chakuti nthawi yonse imene ndinkachita zimenezi ndinali kuimba mluzu.

Zinachitika ku Joni m'zaka za m'ma 1980, masiku amene munthu wakuda akamayenda m'tauni dzanja limodzi linkakhala pa thumba la pasi. Ndinapita kumeneko monga anzanga onse, kukagwira ntchito kumgodi, koma pansi pa nthaka sipanandiyanje. Nditangopeza mpata ndinazemba n'kukalowa ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wina ku Kensington. Kumeneko ndiye ndinatulukira luso langa. Dona wa m'nyumbamo anali ndi zinthu zamkuwa zosawerengeka, mabelu, zoikapo makandulo, zogwirira zitseko, mpaka kachule kamkuwa kopanda ntchito ina iliyonse. Ine ndinkazipukuta mpaka ntchentche ikaterapo inkaterereka. Alendo akabwera, dona ankandiitana kukhitchini kuti adzandione, ine n'kuima pamenepo manja kumbuyo, mano onse pamtunda. Mutu unakula. Ndinafika poti chinthu chikangoda pang'ono manja ankandiyabwa. Anzanga anandipatsa dzina loti Mashayina, ndipo m'malo mokwiya ndinkaliyankha mokweza.

Matenda anga achiwiri anali pakamwa. Mawu oti "sindikudziwa" sankatha kutuluka m'kamwa mwangamu. Mukanandifunsa njira ya kumalo amene sindinafikeko, ndikanakulozerani ndi dzanja lonse, n'kukuuzaninso kuti mufulumire.

Lachinayi ndi tsiku limene ife antchito a m'nyumba tinkapuma, ndipo ine ndinkalithera ku Jeppe kwa a Laisoni. A Laisoni anali mkulu wa kwathu, mtchona weniweni, amene anasiya mgodi ine ndisanamere mano. Ankasoka nsapato m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya Mmwenye wina, ndipo ankagona momwemo. Aliyense wa ku Malawi wofuna nkhani za kumudzi, kapena wofuna kulembetsa kalata, ankathera pamenepo. Tsiku limene ndikunenali anandisiya ndikuwadikirira pamalopo, iwo atapita kukagula zikopa ndi timisomali.

Ndiye panafika mayi wina wachitsikana atavala kansalu kakuda ka maliro paphewa. Anati dzina lake ndi Nomsa, amakhala ku Alexandra ndipo amasoka zovala pa fakitale ina ku Marlboro. Chichewa ankangodziwa moni ndi zikomo, choncho tinkalankhula Chizulu changa chothyokathyoka chosakaniza ndi Chingerezi cha kukhitchini. Anati akufuna madala wa ku Nyasa amene amasoka nsapato, chifukwa anamuuza kuti iwowo amadziwa zinthu zakale.

Nkhani yake inali iyi. Bambo ake anali atamwalira masabata awiri apitawo. Moyo wawo wonse anayenda ndi dzina la Chizulu, Chichewa osachilankhula ngakhale m'nyumba, poopa kuti apolisi angawagwire n'kuwabweza kwawo. Ana ankangodziwa kuti baba ndi Mnyasa, basi. Matenda ofa ziwalo atawagwira, lilime linalemera, ndipo chodabwitsa n'chakuti Chizulu chonse chinawathawa, n'kutsala timawu tochepa ta Chichewa. Ankabwerezabwereza dzina loti Esinati, ndipo mkulu wina woyandikana nawo amene ankamvako Chichewa anatanthauzira kuti ameneyo ndi mlongo wawo, akufuna kuti adzauzidwe za maliro. Atawafunsa kuti Esinatiyo ali kuti, analoza kachitini ka fodya kamene kanali pansi pa pilo n'kunena kuti kwathu kuli umo. Nomsa atatsegula anangopezamo timakobiri takale, takuda bii, tina tofufutika moti sungadziwe kumaso ndi kumbuyo. Chimene ankafuna n'chimodzi chokha, kuti munthu wodziwa ndalama za kwathu amuuze kuti timakobirito tikuloza mudzi uti, alembe kalata, azakhali akewo amve kuti mlongo wawo anagona.

Inu owerenga, apa munthu wanzeru akanati khalani pa benchipa, madala abwera posachedwa. Ine ndinakonza kolala. Ndinamuuza kuti a Laisoni ndi munthu wabwino koma maso anatha kalekale, ngakhale singano amachita kupapasa, ndipo kuti pa nkhani ya zitsulo ndi ndalama mu Joni monse munalibe Mmalawi wondiposa. Ndinakhuthulira timakobiri tija m'dzanja, n'kumatitembenuza uku ndikugwedeza mutu ngati dokotala. Sindinaone kalikonse. Koma ndinati nkhani yake ndi yaing'ono, vuto ndi litsiro chabe, andipatse kachitiniko ndikakaonere pa galasi la bwana lokulitsa zinthu, tidzakumane Lamulungu masana pomwepo.

Anazengereza, kachitiniko atakafumbata pachifuwa. Kenako anandipatsa ndi manja awiri.

"Ungalahli lutho, malume," anatero, kutanthauza kuti ndisataye kanthu.

"Haikona, sisi," ndinayankha. "Ine m'manja mwangamu simutayika chinthu. Chimangokongola."

Ndinachoka msangamsanga a Laisoni asanabwere, kuopa kuti angandilande ulemerero.

Lachisanu m'mawa dona anapita kukakonzetsa tsitsi, ndipo ulendo umenewo unkatenga theka la tsiku. Ndinayala nyuzipepala pa sitepe ya kuseri kwa khitchini, ndinabweretsa zida zanga zonse, sopo, ndimu, mchere, polishi wa mkuwa, mswachi wakale wa bwana ndi kansanza kanga kachikasu. Ntchito inayambika. Kakobiri koyamba kanatulutsa timbalame tiwiri titatera pa nthambi. Kachiwiri kanatulutsa chombo cha matanga. Kena kakang'onong'ono koyera kanatulutsa duwa. Lina lobowoka pakati linatulutsa njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ndipo limenelo ndinalizindikira, chifukwa tili ana tinkagulira zitumbuwa. Mtima unali m'malo. Ndinayamba kale kukonza zokanena Lamulungu.

Kanatsala kamodzi. Kameneka kanali kakuda kuposa tonse, kotha ndi kuyenda m'manja, ndipo bowo lake silinali la boma ayi, linali loboola ndi msomali cha m'mphepete, muli kachingwe kowola. Mbali imodzi kunali kachotupa kosonyeza kuti kale panali mutu wa munthu. Mbali inayo inali yosalala, koma yodzaza timizeremizere ngati pamene nkhuku yapalasa. Ndinadula kachingweko n'kukaponya m'bini. Sopo analephera. Ndimu ndi mchere zinangoyeretsa m'mphepete. Ndinaganiza kuti chaka ndi dzina la dziko zabisika pansi pa timizere timeneti, ndiye ndinatenga waya wotsukira mapoto.

Nditakwecha pang'ono, m'mphepete munayamba kuoneka kufiira kopita kuchikasu, kukuwala padzuwa. Ndinakumbukira kuti tsiku lina ndikuperekera tiyi ndinamva bwana akuuza mlendo kuti tindalama tina tagolide ta nthawi ya Mabunu akale, kamodzi kokha kangagule galimoto. Ine amene ndinkapukuta mkuwa tsiku ndi tsiku, ine amene mkuwa ndinkaudziwa ngakhale ndi fungo lomwe, ndinadziuza kuti uyu ndi golide. Dyera limatseka maso, anzanga. Ndinaona kale Nomsa akundithokoza ndi gawo langa, ndinadziona ndikutsika basi kumudzi nditavala suti, wailesi paphewa, njinga ikutsitsidwa padenga. Ndinathamangira ku galaja kukatenga sandipepa wa bwana.

Pano ndiyenera kunena zoona zonse, chifukwa mbali imeneyi ndi imene imandiluma mpaka lero. Ndili pakati pokwecha, kuwala kunagwera kakobiriko chammbali, ndipo ndinaona ngati timizere tija tikufanana ndi zilembo. Dzanja linaima. Ndinakayandikitsa kumaso. Kenako ndinaseka ndekha, ndinati boma lingalembe mokhotakhota chonchi pa ndalama? Awa ndi ana osewera ndi msomali. Galasi la bwana lija, limene ndinalonjeza, linali pa tebulo m'chipinda chachitatu kuchokera pamene ndinakhala, koma ulesi wodzuka unandigwira. Ndinapinda sandipepa kawiri, ndinayambitsa nyimbo ya kwaya ndi mluzu, ndipo ndinakwecha mpaka mbali yonseyo inasalala. Ndinamalizitsa ndi polishi ndi kansanza kachikasu kaja. Kakobiriko kanawala moti ndinadzionerapo diso langa.

Lamulungu ndinavala jekete. Ndinapeza Nomsa atafika kale, atakhala pa benchi, a Laisoni atamupatsa tiyi m'kapu yawo ya alendo. Nkhani yonse anali atawafotokozera, ndipo mkuluyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake omanga ndi ulusi. Ine sindinalabade. Ndinayala mpango woyera pa tebulo la nsapato, ndinandandalika timakobiri tonse tikunyezimira, kupatula ka golide kaja kamene ndinakasunga m'thumba la pachifuwa kuti kadzakhale kotsekera.

Ndiye ndinayamba kuphunzitsa. Timbalame tiwiriti, ndinatero, ndi nkhwali, ndipo nkhwali zonenepa chonchi zimapezeka ku Dedza, choncho bambo anu mwina anali a ku Dedza, kwathu kwenikweni, mwinanso ndife pachibale. Chombochi chikusonyeza kuti agogo anu anali ndi abale kunyanja. Duwali ndi la fodya, kusonyeza kuti banjalo linali la alimi olemera. Nomsa ankalemba zonsezi pa kapepala, maso ali ndi chiyembekezo, ndipo ine mawu ankangokwererakwerera.

A Laisoni anayamba atsiriza tiyi wawo. Kenako anatola ka timbalame kaja.

"Nkhwali?" anatero. "Iwe, nkhwali inayamba liti kutera pa kanthambi ngati aka? Izi ndi mpheta. Iyi ndi fadingi ya konkuno ku Joni, tinkagulira machesi. Chombochi ndi hafupeni, ya konkunonso. Kaduwaka ndi tiki. Zonsezi ndi chenje cha m'sitolo za pa Jeppe pompano. La kwathu ndi la njovuli lokha, koma limeneli linkayenda kuyambira ku Limbe mpaka ku Kitwe, silingakuuze mudzi wa munthu."

Nomsa anasiya kulemba. Ine ndinatsokomola, ndinati maso a anthu amaona mosiyana. Koma mkuluyo sankandimvanso, ankasanthula m'kachitini mopanda kanthu muja ndi chala.

"Mwana wanga," anafunsa Nomsa, "munalibe lina loboola ndi msomali, lomanga pa chingwe?"

Nthawi yanga inakwana. Ndinapisa m'thumba pang'onopang'ono, ndinakatulutsa, ndinakapukutanso kamodzi ndi kansanza kachikasu kamene ndinabwera nako dala, n'kukaika pakati pa mpango. Ndinalengeza kuti ameneyu ndi golide, ndipo kuti akanakhala munthu wina wosaopa Mulungu bwenzi atathawa naye.

A Laisoni anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula mabatani a malaya awo n'kutulutsa chingwe chimene chinali m'khosi. Kumapeto kwake kunali kakobiri kofanana ndendende, kakuda bii, koboola ndi msomali. Anatenga choko chimene ankalembera pa zikopa, anachipera pa chala, anapaka pa kakobiri kawoko n'kupuputa ndi chala chachikulu. Inu owerenga, zilembo zinatuluka zoyera mbee pa chitsulo chakudacho, zokhotakhota koma zowerengeka: dzina la mudzi wawo, dzina la mfumu yawo, ndi mawu oti Ntcheu.

Anatifotokozera kuti m'masiku awo, anyamata ambiri ankapita ku Joni wapansi, opanda chikalata chilichonse, osadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Ndiye kumadera ena makolo ankatenga kobiri lotha, kulinola mbali imodzi pa mwala, n'kupita nalo kwa mphunzitsi wa m'mudzi kuti alembepo ndi nsonga ya msomali kumene mwanayo akuchokera. Pepala limanyowa, limang'ambika, ndipo wapolisi akalipeza wakugwira. Koma kobiri lakuda la m'khosi palibe amene ankalilabadira. Linali loti ukafera kutali, wokusambitsa adziwe kotumiza uthenga. Litsiro limene linkalowa m'timizeremo ndi limene linkasunga zilembozo, n'chifukwa chake iwo lawolo sanalitsukepo chiyambire.

Atatero anatenga ka Nomsa kaja. Anapaka choko, choko chinangoyoyoka. Anakapendeketsa pa zenera kuti kuwala kubwere chammbali, panalibe kanthu. Anatenga kapepala kopichirira fodya, anakaika pamwamba n'kudetsa mopepuka ndi pensulo, monga amachitira anthu odziwa akafuna kuwerenga ndalama yofufutika. Pa pepalapo panangotuluka chizungulire chakuda, chosalala bwinobwino. Ntchito yanga inali yosapatsa chitonzo.

"Unakwecha ndi chiyani?" anandifunsa.

Ndinati ndi sandipepa, koma wosalala uja, osati wokhakhala.

"Mampara!" anakuwa mawu a kumgodi otchulira chitsiru. "Zaka zonsezi munthu wasunga kwawo pansi pa pilo, wapulumutsa kwa apolisi, kwa akuba, kwa chiswe, kuti adzathere kwa iwe ndi sandipepa wosalala! Ndipo uyu ndi mkuwa, galu iwe. Si iwe umadya za mkuwa?"

Anandikhazika pansi kuti ndikumbukire zilembo zimene ndinaona zija. Ndinati mwina dzinalo linkayamba ndi M, kapena N, komanso Ch sindingamukane. A Laisoni anati zikomo kwambiri, watichepetsera ntchito, tsopano tatsala ndi midzi ya dziko lonse la Malawi basi. Ndinapereka maganizo oti mwina tikafunse asing'anga. Anandiyang'ana moti ndinatseka pakamwa ndekha, koyamba chibadwire.

Ndinkayembekezera kuti Nomsa andilalatira, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero, mwina andimenye ndi chikombole cha nsapato, zithe. Iye anatola timakobiri tija kamodzikamodzi n'kumatibwezera m'kachitini. Atafika pa kowala kaja anakayang'anitsitsa, n'kunena motsitsa mawu kuti akungoona nkhope yake. Kenako analoza dzanja langa.

"Malume, mwapukutira nsanza imeneyo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndipatseni. Ngati mudzi wa baba wathera pa nsanzapo, ndipita nayo kunyumba."

Anaipinda bwinobwino, mbali yakuda ija mkati, anaiika m'kachitini n'kutseka. Anathokoza a Laisoni chifukwa cha tiyi. Pakhomo anatembenuka n'kundiuza kuti ndinanena zoona, sindinataye kanthu, zonse zakongola. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso kwina kulikonse, ndipo chisoni chake sichinandichoke.

A Laisoni anayesetsa. Kwa miyezi yambiri aliyense wobwera kudzasoketsa nsapato ankafunsidwa za munthu amene anali ndi mlongo wake Esinati. Anapezeka ma Esinati ambirimbiri, wina ku Dowa, wina ku Thyolo, wina anali mkazi wa munthu yemwe ankafunsidwayo, koma panalibe woyenera. Ine ankandilola kukhala pa benchi, koma chilichonse chachitsulo ankachisuntha ndikafika, ngakhale supuni. Dzina la Mashayina ndinalikana, koma ndi pamene linakakamira.

Tsono langizo langa kwa inu ndi ili. Mukapeza kandalama kakale, kakuda, kofufutika, kaya m'sutikesi ya agogo kaya m'munda, musakakweche. Musakaike mu ndimu, musakayandikitse kwa munthu wa manja oyabwa ngati ine. Kayang'aneni pa kuwala kochokera chammbali, kadindeni pa pepala ndi pensulo, ndipo mukalephera kafunseni akuluakulu amene anagulirapo zinthu ndalama zoterozo. Chimene inu mukuchitcha litsiro mwina ndi chokhacho chimene chatsala. Koposa zonse, phunzirani kunena kuti sindikudziwa. Ndi mawu aafupi, satenga nthawi, ndipo ndikanawanena Lachinayi lija, kalata ikanapita.

Ndinabwerera kumudzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, wopanda suti, wopanda njinga. Mpaka lero ndikakhala m'basi pafupi ndi munthu wachikulire ndimafunsa funso lomwelo, moti ana anga amachita nane manyazi. Ndiye poti ndalemba kale, lolani ndifunsenso inu. Ngati kwanuko kunali mnyamata amene anapita ku Joni wapansi nkhondo yaikulu yachiwiri itangotha, wamanzere, wa mpata kumano monga anatiuzira Nomsa, amene anasiya mlongo wake Esinati ndipo sanamvekenso, uthenga wake ndi uwu, ngakhale wachedwa chifukwa cha ine. Anamwalira. Sanafe ngati galu, anafera pabedi, m'manja mwa mwana wake wamkazi, ndipo anaikidwa mwaulemu. Sanakuiwaleni. Dzina la mudzi wanu anagona nalo pansi pa pilo mpaka tsiku lomaliza.